Kalembedwe ka ngongole ya penshoni yolonjezedwa m'mabuku a kampani ndi kakonzedwe ka ndalama zoilipirira

Kampani ikalonjeza wantchito kuti akadzapuma idzamupatsa penshoni yowerengeredwa kuchokera pa malipiro ake ndi zaka zimene wagwira ntchito, ndiye kuti yasenza ngongole imene ingatenge zaka makumi asanu isanathe. Ngati masheya agwa, kapena opuma ntchito akhala ndi moyo wautali kuposa mmene anthu ankayembekezera, wolipira kusiyanako ndi kampani, osati wantchito. Pamene ambiri amapunthwa polemba mabuku a kumapeto kwa chaka ndi apa: amatenga ndalama zimene kampani yaponya m'thumba la penshoni chaka chimenecho n'kuzilemba ngati ndiwo mtengo wa penshoni. Ndalama zoponyedwa ndi nkhani ina, mtengo wa penshoni ndi nkhani inanso, ndipo zonse ziwiri zili ndi mawerengedwe akeake. Malangizo awa akutsata IAS 19, muyezo wogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri polemba m'mabuku zimene kampani imapatsa ndi kulonjeza antchito, ndipo m'malo ochepa atchula pamene malamulo a ku United States akusiyana nawo.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Malamulo a thumba la penshoni olembedwa, pamodzi ndi zosintha zonse zimene zinavomerezedwa kuyambira pamene thumbalo linakhazikitsidwa.

Mndandanda wa mamembala onse m'magulu atatu: amene akugwirabe ntchito, amene anasiya ntchito koma sanayambe kulandira, ndi amene akulandira kale, kuphatikizapo amasiye awo.

Lipoti la actuary, katswiri wowerengera zaka za moyo ndi mtengo wa malonjezo a m'tsogolo, lofika pa tsiku lotseka mabuku.

Malipoti a amene amasunga ndi kuyendetsa chuma cha thumba, osonyeza mtengo wa pamsika wa chilichonse pa tsiku lomwelo.

Zikalata za ku banki zosonyeza ndalama zolowa ndi zotuluka m'thumba, ndi masiku ake enieni.

Manambala otsekera a chaka chatha, lipoti lomaliza la kaperekedwe ka ndalama ku thumba, ndi mgwirizano uliwonse umene kampani inasaina ndi matrasiti, amene amayang'anira thumbalo m'malo mwa mamembala.

Gawo loyamba: kudziwa kukula kwa lonjezo

1. Werengani malamulo a thumba mudziwe chimene chinalonjezedwa. Tiyerekeze kuti lamulo likuti chaka chilichonse cha ntchito chimabala gawo limodzi mwa magawo 60 a malipiro omaliza. Munthu amene wagwira zaka 30 n'kupuma akulandira 120,000 pa chaka adzalandira theka lake, 60,000 pa chaka, mpaka imfa yake. Onaninso ngati penshoniyo imakwera mitengo ya zinthu ikakwera, ngati mkazi kapena mwamuna wamasiye amapitiriza kulandira, ndiponso ngati munthu angatenge gawo lina pakamodzi pa tsiku lopuma.

Chenjezo: ngongole sithera pa zolembedwa zokha. Ngati kampani yakhala ikukweza penshoni za opuma chaka ndi chaka ngakhale malamulo sakuikakamiza, mpaka anthu anazolowera ndipo kusiya kungasokoneze ubale ndi antchito, IAS 19 imati chizolowezicho ndi udindo ndipo chiyenera kuwerengedwa.

2. Yeretsani mndandanda wa mamembala musanautumize kwa actuary. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo n'chifukwa chake kawirikawiri imasiyidwira wantchito wamng'ono sabata yomaliza, koma zotsatira zonse zimatsamira pa iyo. Tsegulani mndandandawo pa kompyuta, muusanje potsata tsiku lobadwa, ndipo muyang'ane mizere ya pamwamba ndi ya pansi penipeni. Ndinaonapo mndandanda umene anthu angapo analembedwa kuti anabadwa pa 1 January 1900, chifukwa pulogalamu inkadzaza yokha tsiku limeneli pamalo opanda kanthu; masamu akanawatenga ngati nkhalamba zotsala ndi miyezi yochepa, pomwe ena mwa iwo anali anyamata ongoyamba kumene ntchito. Fananitsani chiwerengero cha mamembala ndi cha chaka chatha: amene analipo, kuphatikiza olowa, kuchotsa otuluka ndi omwalira, chipereke amene alipo lero. Funsaninso kuti ndi liti pamene olandira penshoni anatsimikizira komaliza kuti akadali moyo.

3. Gwirizanani ndi actuary pa zongoyerekeza. Izi ndi za magulu awiri. Za anthu ndi monga zaka zimene adzakhale ndi moyo, kuchuluka kwa osiya ntchito asanapume, ndi msinkhu umene ambiri amapumira. Za ndalama ndi monga kukwera kwa malipiro, kukwera kwa mitengo ya zinthu, ndi chiwongoladzanja chotsitsira ndalama za m'tsogolo kuti zifike pa mtengo wa lero. Actuary amalangiza, koma eni ake a zongoyerekezazi ndi akuluakulu a kampani, ndipo ndiwo adzayankhe ofufuza mabuku akadzafunsa. Zongoyerekeza ziyenera kumvana: simunganene kuti mitengo idzakwera kwambiri kwinaku mukuti malipiro adzaima pamodzi kwa zaka makumi awiri.

4. Sankhani chiwongoladzanja chotsitsira mosamala kuposa china chilichonse. IAS 19 imati chitengedwe pa phindu la pamsika la mabondi (zikalata za ngongole zogulitsidwa pamsika) a makampani odalirika kwambiri pa tsiku lotseka mabuku, ndipo ngati mtundu wa ndalama yolipirira penshoniyo ulibe msika wozama wa mabondi otere, chitengedwe pa mabondi a boma. Mabondiwo akhale a mtundu wa ndalama umene penshoni idzalipiridwe, ndipo kutalika kwa nthawi yawo kufanane ndi kwa ngongoleyo.

Kuti muone mphamvu ya nambala imeneyi, tengani 1,000 yodzalipidwa pakatha zaka 20. Pa 5 peresenti, mtengo wake lero ndi pafupifupi 377. Pa 4 peresenti ndi pafupifupi 456. Chiwongoladzanja chatsika ndi 1 peresenti yokha, koma ngongole yakwera ndi gawo loposa limodzi mwa magawo asanu, popanda wantchito aliyense kuwonjezeredwa kanthu. Apa m'pamene pamabwera chiyeso chokankhira nambalayo m'mwamba pang'ono kuti mabuku aoneke bwino, ndipo ine ndimalangiza kuti njira yosankhira chiwongoladzanjachi ilembedwe papepala chaka chisanathe, aliyense asanadziwe kumene msika utsekere.

Chenjezo: musagwiritse ntchito phindu limene mukuyembekezera kuchokera ku masheya a thumba ngati chiwongoladzanja chotsitsira. Ngongole siichepa chifukwa chakuti matrasiti asankha kuika ndalama pamalo a chiopsezo chachikulu.

5. Onetsetsani kuti actuary wagwiritsa ntchito njira imene IAS 19 imafuna, yotchedwa projected unit credit. Mwachidule, chaka chilichonse cha ntchito chimawonjezera kachigawo kamodzi ka penshoni, kachigawo kalikonse kamawerengeredwa pa malipiro amene munthuyo akuyembekezeka kudzakhala nawo popuma, kenako zonse zimatsitsidwa kufika pa mtengo wa lero. Zaka zimene munthu wagwira kale ndizo ngongole ya lero. Chaka chimene changothachi ndicho mtengo wa ntchito ya chaka chino. Zaka zimene sanagwire sizinakhale ngongole.

6. Pezani mtengo wa pamsika wa chuma cha thumba pa tsiku lomwelo. Masheya ndi mabondi ogulitsidwa poyera savuta. Nyumba, malo ndi magawo a makampani osagulitsidwa pamsika amafuna wodziwa kuika mtengo, ndipo malipoti ake amakonda kuchedwa, choncho funsani tsiku limene mtengowo unaikidwa. Ndalama zimene kampani ikuyenera kupereka ku thumba koma sinapereke sizili mbali ya chuma cha thumba.

Gawo lachiwiri: kulemba m'mabuku

Kuti masitepe otsatirawa amveke, tigwiritsa ntchito kampani yongoyerekeza, manambala onse ali m'mamiliyoni. Poyamba chaka ngongole ya penshoni inali 1,000, chuma cha thumba chinali 800, choncho kuperewera kunali 200. Chiwongoladzanja chotsitsira chinali 5 peresenti. M'chakamo mtengo wa ntchito unali 60, kampani inaponya 90, thumba linalipira opuma 70, ndipo pofuna kufewetsa masamu tinena kuti zolowa ndi zotulukazi zinachitika tsiku lomaliza la chaka. Pa ntchito yeniyeni muyenera kuwerengera masiku amene ndalama zinalowa kapena kutuluka.

7. Werengani zolowa mu lipoti la phindu ndi kuluza. Choyamba ndi mtengo wa ntchito, 60. Chachiwiri ndi chiwongoladzanja pa kuperewera: 5 peresenti ya 1,000 ndi 50, 5 peresenti ya 800 ndi 40, kusiyana kwake ndi 10. Zonse pamodzi ndi 70. Taonani kuti chiwongoladzanja chogwiritsidwa ntchito ku chuma n'chimodzimodzi ndi cha ku ngongole, ndiponso kuti ndi cha kumayambiriro kwa chaka, osati cha kumapeto. Taonaninso kuti 70 si 90. Kampani yaponya zambiri kuposa mtengo wa chaka chino, ndipo chaka china zingakhale mosemphana.

Chenjezo: amene anaphunzira IAS 19 isanasinthidwe mu 2011, kusintha kumene kunayamba kugwira ntchito mu 2013, amakumbukirabe phindu loyembekezeredwa pa chuma ndi njira yochedwetsa zoluza yotchedwa corridor. Zonsezi zinachotsedwa. Ku United States, pansi pa muyezo wa kumeneko wotchedwa ASC 715, phindu loyembekezeredwa likadalipo ndipo zoluza zingalowe m'lipoti la phindu pang'onopang'ono, choncho kampani imene ili ndi nthambi zolemba mabuku m'njira ziwirizi isakopere nambala ya uku kuika uko.

8. Pezani kusiyana pakati pa zimene munkayembekezera ndi zimene zachitika. Ku ngongole, 1,000 kuphatikiza 60 ndi 50, kuchotsa 70, tikuyembekezera 1,040. Actuary wabweretsa 1,075, ndiye kuti pali kuluza kwa 35. Mufunseni achigawe patatu: gawo lochokera ku kusintha kwa zongoyerekeza za ndalama, la zongoyerekeza za anthu, ndi la zimene zachitikadi mosiyana ndi zoyerekezedwa, monga malipiro kukwera kuposa mmene munaganizira. Ku chuma, 800 kuphatikiza 40 ndi 90, kuchotsa 70, tikuyembekezera 860. Mtengo wa pamsika wapezeka 845, kuluza kwa 15. Zonse pamodzi ndi 50.

Ndalama imeneyi silowa m'lipoti la phindu ndi kuluza. Imapita ku gawo lotchedwa other comprehensive income, lolembamo zopindula ndi zoluza zimene siziwerengedwa m'phindu la chaka, ndipo pansi pa IAS 19 sibwereranso ku lipoti la phindu chaka china chilichonse.

9. Tsekani mzere wonse ndipo muutsimikizire kuchokera mbali ziwiri. Kuperewera koyambira 200, kuphatikiza 70 ya m'lipoti la phindu, kuphatikiza 50 ya sitepe 8, kuchotsa 90 imene kampani yaponya, kukupereka 230. Mbali inayo, 1,075 kuchotsa 845 ndi 230. Manambala awiriwa akakana kukumana musalembe kanthu m'mabuku mpaka mutapeza chifukwa. Kawirikawiri cholakwika chimakhala ndalama imene kampani inatumiza tsiku lomaliza la chaka koma inafika ku thumba chaka chatsopano, kapena penshoni imene kampani inalipira yokha osadzera m'thumba, kapena zopereka za antchito zimene zinawerengedwa ku chuma n'kuiwalika ku ngongole. Malipiro a penshoni ochokera m'thumba, 70 ija, amatsitsa ngongole ndi chuma mofanana ndipo sasintha kuperewera.

10. Funsani ngati chaka chino pachitika china chachilendo. Malamulo a thumba akasinthidwa mokhudza zaka zogwiridwa kale, kapena antchito ambiri akachotsedwa chifukwa fakitale yatsekedwa, kusintha kwa ngongoleko kumalowa m'lipoti la phindu ndi kuluza nthawi yomweyo, osati kugawidwa pa zaka. N'chimodzimodzi kampani ikamasuka ku gawo la ngongole, mwachitsanzo posamutsiratu udindo wonse wolipira ku kampani ya inshuwalansi. Kuyambira mu 2019, zotere zikachitika pakati pa chaka, mtengo wa ntchito ndi chiwongoladzanja za miyezi yotsalayo ziyenera kuwerengedwa ndi zongoyerekeza zatsopano za pa tsikulo.

11. Ngati chuma chaposa ngongole, musafulumire kulemba chotsalacho ngati chuma cha kampani. Chimalembedwa kufika pokhapo pamene kampani ingapindule nacho, kaya pobwezeredwa ndalama kapena pochepetsa zopereka za m'tsogolo. IFRIC 14, chikalata chomasulira IAS 19, imalongosola malire amenewa, ndipo yankho lake limakhala m'malamulo a thumba, choncho ndi bwino loya awerenge nanu. Kumbukiraninso msonkho wochedwa (wolembedwa lero koma wodzalipidwa kapena kuchotseredwa m'tsogolo) wa muyezo wa IAS 12, umene umatsata komwe chinthu chake chalembedwa: wa pa 50 ija umapita nayo limodzi ku other comprehensive income.

12. Konzani zofotokozera zotsagana ndi mabuku. Zikhale ndi kayendedwe ka ngongole ndi ka chuma kuyambira potsegula mpaka potseka, mitundu ya chuma, zongoyerekeza zikuluzikulu ndi mmene ngongole ingasinthire chimodzi mwa izo chitasuntha, ndalama zimene kampani ikuyembekezera kuponya chaka chamawa, ndi kutalika kwa nthawi ya ngongoleyo.

Gawo lachitatu: kukonza ndalama zolipirira

13. Pemphani mawerengedwe apadera a kaperekedwe ka ndalama. Nambala ya IAS 19 imauza owerenga mabuku kukula kwa ngongole. Siuza kampani ndalama zoti iponye. Funso lachiwirili limayankhidwa ndi malamulo a dziko limene thumba lili, malamulo a thumbalo, ndi zokambirana ndi matrasiti. Ku United Kingdom, lamulo la penshoni la 2004 limafuna kuti mawerengedwe athunthu achitike osapitirira zaka zitatu zilizonse, ndi zongoyerekeza zosamala, ndipo pakapezeka kuperewera pakhale ndondomeko yokutsekera. Ku United States, lamulo la ERISA la 1974 ndi malamulo a msonkho amaika malire a zochepetsetsa zimene kampani iyenera kuponya, ndipo makampani amalipira inshuwalansi ku bungwe la boma loteteza penshoni la PBGC. Choncho n'zotheka kuti mabuku aonetse kuperewera kwa 230 pomwe matrasiti akunena 300, ndipo onse awiri ali olondola, chifukwa akuyankha mafunso osiyana. Fotokozerani a bodi kusiyana kumeneku musanawaonetse manambala, apo ayi msonkhano wonse uthera pa kufunsa kuti wolakwa ndani.

14. Gawani zopereka pawiri. Gawo loyamba ndi lolipirira penshoni imene antchito akupeza chaka chino, ndipo kawirikawiri limanenedwa ngati peresenti ya malipiro. Gawo lachiwiri ndi lotsekera dzenje la zaka zakale, ndipo ndi bwino likhale ndalama yodziwika, chifukwa likamangiriridwa ku malipiro limachepa antchito akamachepa, pomwe dzenjelo likadali pomwepo. Kuperewera kwa 300 kukati kutsekedwe m'zaka 10 pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti, ndalama yoponya kumapeto kwa chaka chilichonse ndi pafupifupi 37, osati 30, chifukwa kuperewerako nakonso kumabala chiwongoladzanja pamene kukudikira.

15. Kambiranani ndi matrasiti za kutalika kwa ndondomekoyo poyang'ana mphamvu zenizeni za kampani. Nthawi yaifupi imateteza mamembala koma ingaumitse thumba la bizinesi. Nthawi yaitali imapepukitsa kampani lero koma imasiya mamembala akudalira kuti kampaniyo idzakhalapobe. Kwa ine muyeso wosavuta ndi uwu: kampani imene ikugawa phindu lalikulu kwa eni masheya ilibe chifukwa chomveka chopemphera zaka zambiri. Ngati ndalama zilidi zochepa, njira zina zilipo, monga chikole pa nyumba za kampani, chitsimikizo cha kampani yaikulu ya m'gulu, kapena pangano lakuti zopereka zidzakwera phindu likakwera. Mgwirizano ukasainidwa, bwererani ku sitepe 11, chifukwa lonjezo loponya ndalama zimene kampani singadzazipezenso lingabale ngongole yowonjezera m'mabuku.

16. Yang'anani ngati chuma cha thumba chimayenda limodzi ndi ngongole. Chiwongoladzanja chikatsika ngongole imakwera, ndipo mabondi a nthawi yaitali amakwera nayo, pomwe masheya angapite kulikonse. Thumba la opuma ambiri limafunanso ndalama zopezeka msanga zolipirira mwezi ndi mwezi popanda kugulitsa chuma pa mtengo wogwa. Chisankho cha kumene ndalama ziikidwe kawirikawiri ndi cha matrasiti, koma kampani ndiyo imalipira zikavuta, choncho ili ndi ufulu wofunsa ndi kuyerekeza zimene zingachitike chiwongoladzanja chitatsika ndi 1 peresenti pamene masheya agwanso. Kumene matrasiti amagwiritsa ntchito mapangano ofuna chikole cha ndalama, funsani kuti chikolecho chidzachokera kuti msika ukatembenuka mwadzidzidzi, monga zinachitikira ku United Kingdom mu September 2022 pamene mitengo ya mabondi a boma inagwa mofulumira ndipo matumba ambiri anakakamizika kufunafuna ndalama m'masiku ochepa.

Zolakwika zofala

Cholakwika chachikulu n'chija tayamba nacho, kulemba 90 yoponyedwa ngati mtengo wa chaka m'malo mwa 70. Chimachitika kwambiri m'nthambi zing'onozing'ono zimene zinazolowera penshoni ya mtundu wina, ija kampani imangoponya peresenti yake n'kuthana nazo.

China ndi kusiya kuponya ndalama chifukwa chaka chimodzi chaonetsa chotsala. Chotsala chimene chabwera chifukwa chiwongoladzanja chakwera chingathe chiwongoladzanja chikatsika, pokhapokha ngati chuma chasunthidwa kuti chichiteteze.

Ena amagwiritsa ntchito matebulo akale a zaka za moyo kwa nthawi yaitali, osawerengera kuti moyo wa anthu ungatalike m'tsogolo. Kulakwitsa kumeneku sikuoneka chaka chimodzi. Kumatuluka pang'onopang'ono ngati kuluza kwa chaka ndi chaka pa zochitikadi, ndipo mukaona mzere umenewu ukuluza zaka zitatu kapena zinayi zotsatizana, vuto lili m'zongoyerekeza.

Palinso kusakaniza ndalama zoyendetsera thumba. Zolipira oyendetsa chuma zimachotsedwa ku phindu la chumacho, pomwe zina monga zosungira mndandanda wa mamembala sizichotsedwa kumeneko ndipo zimalembedwa ngati zowonongedwa ntchitoyo ikachitika.

Ambirinso amaganiza kuti thumba likatsekedwa kwa olowa atsopano, kapena antchito akasiya kupeza zaka zowonjezera, nkhani yatha. Mtengo wa ntchito ungatsike mpaka kutheratu, koma masitepe 2 mpaka 16 amabwerezedwabe, ndipo mndandanda wa amene anasiya ntchito kale ndiwo umasokonekera msanga, chifukwa anthuwo amasamuka, amakwatira, amasintha mayina, ndipo ofesi ya antchito siwaonanso.